KUSANKHA NYUMBA YA CHUTHI PAMENE M'BANJA MULI MWANA WA OTIZIMU

Nkhani ya makalasi a pamwamba a pulaimale, pa phunziro la umoyo ndi kukhala bwino ndi anzathu

Ikani mabuku pansi, khalani cete, timvetserane.

Pa caka timatsekera sukulu katatu: mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Belu lotsiriza likalira, ambiri a inu mumalunjika kumudzi kukaona ambuya. Ena makolo anu amasunga ndalama miyezi yambiri kuti banja lonse likaone dziko lathu, kaya ku Siavonga m'mbali mwa nyanja ya Kariba, kaya ku Livingstone kumene kuli mathithi a Mosi-oa-Tunya, kaya ku Mfuwe kwa nyama za m'chire. Ndipo kumeneko amalipira nyumba yogonamo masiku atatu kapena anai.

Koma alipo mabanja ena amene chuthi cikafika sapita kulikonse, ngakhale ndalama ya ulendo ilipo. M'nyumba mwao muli mwana wa otizimu, ndipo ulendo umene anayesapo kale unathera m'misozi. Mwana analira usiku wonse, anakana kudya, anthu anayang'ana nanong'onezana, ndipo m'mawa mwake banja linamanga katundu kubwerera. Kuyambira pamenepo abale ake a mwanayo naonso sanayendenso. Lero tikambirana m'mene banja lotere lingasankhire nyumba yofikiramo, pakuti ulendo wa mwana wotere umakoma kapena kuipa pa tsiku losankha nyumba, banja lisananyamuke n'komwe.

Otizimu n'ciani?

Otizimu ndi mkhalidwe umene munthu amabadwa nao, wokhudza m'mene ubongo wake umakulira ndi kugwirira nchito. Si matenda opatsirana, si ufiti, si cilango ca makolo, ndipo katemera sayambitsa otizimu. Ana ena a otizimu sayankhula konse; ena amayankhula bwino, koma zimawabvuta kuyang'ana munthu m'maso kapena kuzindikira nthabwala. Ambiri a iwo makutu, maso, khungu ndi lilime zimamva mopitirira m'mene ife timamvera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linanena mu 2023 kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi otizimu. Cotero pa sukulu ya ana 500, n'kutheka kuti alipo anai kapena asanu, ngakhale amene sanapimidwe ku cipatala.

M'caka ca 1943 dokotala wina wa ku Baltimore, m'dziko la America, dzina lake Leo Kanner, analemba za ana 11 amene anawayang'anira kwa nthawi. Cinthu cimodzi cimene anaona mwa iwo cinali cakuti amafunitsitsa kuti zinthu zizikhala cimodzimodzi tsiku ndi tsiku: mpando pamalo pake, cakudya pa nthawi yake, njira yomweyo ya dzulo. Zikasintha mwadzidzidzi, mwana amagwidwa ndi mantha enieni.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Kwa ife, kukoma kwa chuthi ndiko kusintha: bedi lina, cakudya cina, anthu ena. Kwa mnzathu wa otizimu, kusintha komweko ndiko kuwawa. Nyumba yabwino kwa iye, tsono, ndiyo imene isintha zinthu zocepa, nimusunga kutali ndi ngozi. N'cifukwa cake mabanja ambiri otere amasankha nyumba yapayokha kusiyana ndi hotela. Mu hotela mumadya pamodzi ndi alendo ena pa nthawi imene eni ake aika, anchito amalowa m'cipinda nasuntha zinthu, ndipo mwana akalira usiku makolo amada nkhawa ndi amene agona kuseri kwa khoma. M'nyumba yapayokha amai amaphika okha, citseko amatseka okha, ndipo tsiku limayenda monga la kwao.

Coyamba: madzi ndi mpanda

Tisanakambe za kukongola kwa nyumba, tikambe za moyo wa mwana. Mu 2012 akatswiri a ku America anafalitsa zimene anapeza atafunsa makolo a ana a otizimu oposa 1,200. Pafupifupi theka la anawo anali atayesapo kucoka pamalo osauza munthu, atapitirira kale zaka 4. Mwa ana amene anasowadi kwa nthawi, mmodzi mwa anai alionse anali pa ngozi ya kumira m'madzi, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali pa ngozi ya galimoto. Mwana wotere sacoka cifukwa ca mwano. Amatsata cinthu cimene camukopa, kapena amathawa phokoso limene lamupweteka. Ambiri amakopeka ndi madzi, kung'anima kwake ndi kuyenda kwake, ndipo ena ukawaitana dzina sayankha, ngakhale ali pafupi pomwepo.

Tsopano taganizirani za Siavonga. Nyumba zimene zimaoneka bwino koposa pa zithunzi ndizo zimene kapinga wake amatsetsereka mpaka kukafika m'madzi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. M'nyanja ya Kariba muli ng'ona ndi mvuu, ndipo kuyambira pa khonde kufika pa gombe mwana amathamanga m'kanthawi kamene amai akuvundula nsima. Banja la mwana wa otizimu lisankhe nyumba ya kumtunda, yoti nyanja aziionera patali, yokhala ndi mpanda wosabooka kuzungulira ponse, ndi cipata cokhoma cimene loko wake ali pamwamba posafika dzanja la mwana. Ngati pabwalo pali dziwe losambiramo, afunse ngati dziwelo lili ndi mpanda wakewake. Ngati lilibe, ndi bwino kufuna nyumba ina yopanda dziwe.

Ku Mfuwe nkhani ndi yomweyo, koma ngozi yake ndi nyama. Misasa yambiri ya alendo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa ilibe mpanda. Njobvu zimadutsa pakati pa nyumba, ndipo mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu pabwalo. Malo otere sayenera mwana amene amatuluka yekha m'nyumba anthu ali m'tulo.

Makolo awerengenso zitseko zotulukira kunja. Nyumba ya zitseko ziwiri njosabvuta kulonda kusiyana ndi ya zitseko zisanu. Pa citseko ciliconse angathe kumangirira kabelu, ngakhale tizitini tokhala ndi timiyala m'kati, kuti cikatseguka usiku amve. Ndipo pali cinthu cina cimene cimapusitsa anthu ambiri: akulu akacuruka pamalo, aliyense amayesa kuti mnzake ndiye ali kuyang'ana mwana, pamene palibe amene ali kumuyang'ana. Agawane nthawi mochula dzina, kuti kuyambira tsopano kufikira cakudya ca masana mwana ali m'manja mwa atate, pambuyo pake m'manja mwa amalume.

Mwina ena a inu muli kunena kuti, ife nyumba yolipira sitidzaikwanitsa. Mafunso omwewa ngofunika kumudzi kwa ambuya. Kodi citsime cili ndi cibvundikiro? Kodi dambo kapena mtsinje uli kutali bwanji? Kodi mseu waukulu uli mbali iti?

Caciwiri: phokoso

Aphunzitsi, ndipempha kuti ana onse atseke maso tsopano, akhale duu, ndipo awerenge pa zala zinthu zonse zimene ali kumva.

Tsegulani maso. Mwina mwamva tambala, njinga ya moto, malata akuthetheka ndi dzuwa, mnzanu akusuntha phazi, kalasi lina likuwerenga mokweza. Zonsezi zinalipo kale, koma ubongo wanu unaziponya kumbuyo kuti mumve mau anga okha. Ana ambiri a otizimu sakhoza kucita zimenezo. Zonse zimawafikira pamodzi, ndipo zina zimawalasa. Mai wina wochuka wa ku America, Temple Grandin, amene ali ndi otizimu koma anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa za ziweto pa yunivesite ya ku Colorado, wakhala akufotokoza kuti ali mwana, phokoso lalikulu monga la belu la sukulu linali kumupweteka kwenikweni m'makutu.

Cithunzi ca nyumba sicionetsa phokoso. Makolo ayenera kufunsa. Kodi pafupi pali bawa imene imaliza nyimbo mpaka usiku? Kodi pali msika, chalichi ca zokuzira mau, kapena agalu ouwa? Kodi magetsi akazima amaliza jenereta, ndipo jeneretayo ili kutali bwanji ndi cipinda cogona? Funso limeneli si laling'ono, pakuti tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ku Siavonga mabwato a kapenta amagwira nchito usiku ndi nyali zowala ndi makina olira, ndipo kulira kwake kumayenda patali pamwamba pa madzi. Ku Livingstone ndege zazing'ono ndi mahelikopita zimazungulira pamwamba pa mathithi usana. Nyumba ya m'tauni, imene ili pa mtunda wa makilomita 10 kucokera ku mathithi, ingakhale yabata kwa mwana kuposa ya pafupi ndi kumene zimanyamukira.

Mathithi eni ake naonso ali ndi nyengo zao. M'miyezi ya Marici, Epulo ndi Mei, Zambezi atadzaza, mkokomo wake umagwedeza cifuwa ndipo nthunzi yake imanyowetsa munthu ngati mvula. Ana ena a otizimu amakondwa nazo kwambiri. Ena amagwira makutu nagwa pansi. Pofika mu Ogasiti madzi amakhala atayamba kucepa, ndipo mwana angathe kuyang'ana ali cikhalire pamalo ouma. Makolo amadziwa mwana wao. Asankhe mwezi womuyenera.

M'nyumbamo mukhale cipinda cimodzi cabata, cokhala ndi nsaru zochinga kuwala pa zenera, kumene mwana angathawireko zinthu zikamucurukira. Akalowa m'menemo asamutsatire ndi mafunso. Amusiye apume, adzatuluka yekha.

Cacitatu: cakudya ndi tulo

Ana ambiri a otizimu amadya zakudya zowerengeka zokha, zophikidwa m'njira imodzi. Wina amadya nsima ndi mazira basi, ndipo supu ikakhudza nsimayo sadya. Uku si kunyada. Kukhakhala, kuterera kapena fungo la cakudya cacilendo zimamubwezera kukhosi. Pa ulendo si nthawi yomuphunzitsa ndiwo zatsopano. Nyumba ikhale ndi khicini yeniyeni: citofu kapena mbaula, mapoto, ndi firiji ngati nkotheka. Amai anyamule ufa wa kwao, mbale ya mwanayo, kapu yake ndi supuni yake. Zinthu zimenezi n'zopepuka m'thumba, koma kwa mwana zimanena kuti kuno nakonso ndi kwathu.

Cimodzimodzinso pogona. Anyamule bulangeti lake ndi pilo wake, osacapa dzulo lake la ulendo, kuti fungo la kwao likhalepo. Afunse ngati cipinda ca mwana cili pafupi ndi ca makolo, ndiponso ngati mazenera ake amatsekeka bwino.

Siavonga, Livingstone ndi Mfuwe konse kuli udzudzu wa malungo, motero neti njosapeweka. Koma mwana amene sanagonepo m'neti angathe kuikana ikamukhudza kumaso. Makolo ayambe kumuzoloweza kunyumba masabata awiri ulendo usanafike, ndipo ngati nkotheka anyamule neti yomweyo. Akumbukirenso kuti mwana wosayankhula sanganene kuti mutu uli kuwawa. Thupi likatentha pa ulendo kapena atabwerako, apite naye kukapimitsa malungo msanga. Zigwa za Zambezi ndi Luangwa zimatentha koopsa kuyambira mu Okutobala, ndipo kutentha kumalanda tulo. Pa cifukwa cimeneci chuthi ca Ogasiti ndico coyenera ulendo woyamba.

Cacinai: mtunda ndi cipatala

Kucokera ku Lusaka kufika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo mbali ina ya mseu njokhotakhota m'mapiri. Kufika ku Livingstone ndi makilomita oposa 450, ulendo wotha pafupifupi tsiku lonse pa basi. Banja la ku Chipata lili pafupi ndi Mfuwe kuposa malo ena onsewa. Ulendo woyamba ukhale waufupi: malo apafupi, kugona kawiri kokha. Ukayenda bwino, caka camawa adzapita patali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Asanalipire nyumba, makolo adziwe kumene kuli cipatala kapena kiliniki yapafupi, ndi m'mene angafikireko usiku. Matenda a khunyu amapezeka kawirikawiri mwa ana a otizimu kusiyana ndi ana ena. Ngati mwana amamwa mankhwala, anyamule okwanira masiku onse ndi ena apadera, pamodzi ndi khadi lake la ku cipatala.

Kukambirana ndi mwini nyumba

Safunsa anadya phula. Makolo ena amacita manyazi kuchula za mwana wao, poopa kuti mwini nyumba awakana. Koma ndi bwino kunena zoona poyamba: tili ndi mwana wa otizimu, amakonda madzi, amaopa phokoso, ndipo nthawi zina amafuula. Apemphe kuti awatumizire pa foni zithunzi za cipinda ciliconse, za bafa, za cipata, ndi za mpanda mbali zonse zinai, osati mbali yokongola yokha. Apemphe kuti zinthu zosweka ndi mankhwala ophera tizilombo azicotse kapena azikhomere. Afunse ngati pabwalopo pamakhala anthu ena, mlonda kapena wosamalira maluwa, kuti naonso auzidwe kutseka cipata nthawi zonse.

Mayankhidwe a mwini nyumba ndi cizindikiro pa okha. Amene ayankha moleza mtima, natumiza zithunzi, adzathandizanso pa tsiku la bvuto. Amene anyinyirika pa foni adzanyinyirika koposa mwana akadzaswa kapu. Tikumbukenso kuti lamulo la dziko lathu la anthu olemala, la m'caka ca 2012, limaletsa kusala munthu cifukwa ca cilema cake. Mwana wa otizimu ali ndi ufulu woona Mosi-oa-Tunya monga mwana wina aliyense wa m'Zambia.

Mbali ya aphunzitsi

Aphunzitsi anzanga, nyumba ikasankhidwa, nchito yotsala ingathe kucitikira m'kalasi mwanu. Mwana wa otizimu amaopa cimene sacidziwa. Cimene waciona kale pa cithunzi sicimuopsa kwambiri. Thandizani makolo kukonza kabuku ka masamba ocepa. Pa tsamba loyamba pakhale basi kapena galimoto. Pa laciwiri cipata ca nyumba ija. Kenaka bedi limene adzagonapo, tebulo limene adzadyerapo, ndi malo amene adzakaone. Pansi pa cithunzi ciliconse lembani mau ocepa osazungulira: Lacisanu tidzakwera basi. Ndidzagona pa bedi ili. Amai adzaphika nsima. Muwerenge naye kabukuko tsiku liri lonse sabata lotsekera sukulu.

Musaiwale tsamba lotsiriza. Pa tsamba limenelo pakhale cithunzi ca nyumba ya kwao, ndi mau akuti: Lamulungu tidzabwerera kwathu. Ife timadziwa kuti chuthi cimatha, koma mwana amene sanauzidwe angayese kuti wacotsedwa kwao kosabwereranso, ndipo kulira kwa usiku woyamba nthawi zina kumacokera pamenepo.

Inu mumakhala ndi mwanayo maola ambiri pa sabata, ndipo mwaona zimene zimamukhazika mtima pansi: kaya kuwerenga timiyala, kaya kukhala pa ngodya yake, kaya kucenjezedwa nchito isanasinthe. Lembani zimenezi pa pepala, mupatse makolo. Alangizeni kuti nthawi yodzuka, yodya ndi yogona ikhale monga ya kunyumba, ndi kuti pa tsiku aziona malo amodzi okha, m'mawa anthu asanacuruke. M'thumba la malaya a mwana aikemo kakhadi kolembapo dzina lake, nambala ya foni ya makolo, ndi mau akuti mwana uyu ali ndi otizimu ndipo mwina sangayankhe.

Mbali ya ana

Tsopano ana inu. Tsiku lina pa chuthi mudzaona mwana wa msinkhu wanu atagwira makutu, akugwedezeka uku ndi uku, kapena akulira pansi pa siteshoni ya basi. Musaseke, musaunjikane momuzungulira, ndipo musanene kuti makolo ake anamulera moipa. Patukani, mumupatse malo. Mukaona mwana ali yekha pafupi ndi madzi kapena mseu, ndipo mwamuitana koma sayankha, musamusiye. Mmodzi akhale naye pafupi osamugwira mwamphamvu, wina athamange kukaitana wamkulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo inu amene muli ndi mbale wa otizimu kunyumba, tidziwa kuti nthawi zina mumasiya zimene mukadakonda cifukwa ca iye. Uzani makolo cinthu cimodzi cimene mufuna kuona pa ulendowo. Nyumba ikakhala yabwino, mkulu mmodzi angathe kutsala naye mbale wanu pabwalo lochingidwa, pamene wina apita nanu kukakwera bwato. Cotero aliyense apeza gawo lake.

Potsiriza, tibwerere kwa ana 11 aja a dokotala Kanner. Woyamba pa mndandanda wake anali mnyamata wa m'tauni yaing'ono ya Forest, ku Mississippi, dzina lake Donald Triplett, wobadwa mu 1933. Ali mwana, zinthu zikasintha pang'ono anali kubvutika koopsa. Koma makolo ake ndi anthu a m'tauni yake anamulandira monga analiri. Atakula anagwira nchito m'banki zaka zambiri, anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo anayenda yekha kukaona maiko ambiri a kutali, kufikira anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Mwana amene lero aopa bedi lacilendo angathe kudzakhala mlendo wa maiko, akayamba ndi nyumba imodzi yosankhidwa bwino.



Nchito ya m'kalasi

1. Chulani zinthu zitatu zimene anthu ena amaganiza molakwa za otizimu.

2. N'cifukwa ciani nyumba ya pa gombe penipeni pa nyanja ya Kariba siyenera mwana amene amatuluka yekha?

3. Lembani mafunso asanu amene mungafunse mwini nyumba musanalipire.

4. Jambulani mapu a pakhomo pa ambuya anu, ndipo muike cizindikiro pa malo onse a ngozi: citsime, dambo, mseu, moto.

5. M'magulu a ana anai, konzani kabuku ka zithunzi ka ulendo wa masiku atatu. Kumbukirani tsamba lotsiriza.